Thumba Lachinayi la Wonyamula Makalata

Panali munthu wina wamng'ono zedi, woti nsabwe itamuponda siingadziwe n'komwe kuti yaponda kanthu. Ankakhala m'kachipinda kamodzi mwa tizipinda tambirimbiri timene timapanga mtima, tija ophunzira amati maselo. Mtimawo unali wa a Lufeyo, mkulu wina wa kabaza. Munthuyu anali wa mtundu uja amati mapuloteni, ndipo ntchito yake inali yonyamula makalata.

Makalatawo ankachokera pakati pa selo, posungira malangizo onse, kupita kwa amisiri omanga ndi kukonza zinthu m'selomo. Ophunzira amati RNA ya uthenga. Kalata yake ndi kachingwe katali, koterera ngati therere, ndipo amisiri amaiwerenga kuyambira kumutu basi. Ikangogwa pansi, m'selomo muli agalu ake oidya pomwepo.

Tsono munthuyu anabadwa ndi manja osafumbata. Kuti agwire kanthu, pankafunika kuti kashiamu, mchere uja uli m'mafupa, alowe m'matumba ake anayi. Akalowa, thupi lonse linkapindika ngati waya, zala n'kugwira kalata kuti gwi! Kupindikako ankakuopa. Anali atamvanso za selo lina loyandikana nalo, mmene kashiamu anasefukira, anthu onse n'kufa ali chipindikire.

Tsiku lina anatola timiyala tofanana ndi kashiamu, tija amati maginiziyamu, timene timakhala m'thumba phee osapinda munthu. Anadzaza matumba onse anayi.

Mlamu wake, yemwe anali mmisiri, anamuona akuyenda chowongoka ngati msilikali.

"Alamu, matumba atupa chonchi mwaikamo chiyani? Mtedza?"

"Mankhwala a msana, alamu."

"Nanga kalata ikabwera?"

"Ndidzakhuthula. Kukhuthula thumba n'kovutanso?"

"Kaya. Msana ndi wanu, koma khoma la seloli ndi la tonse."

Masiku anapita. Timiyala tija tinakhazikika.

Ndiye m'mawa wina a Lufeyo ananyamula mayi wina, mbuzi ziwiri ndi chitseko, zonse pa njinga imodzi. Pa chitunda mtima unagunda mopyola muyezo, ndipo khoma la selo lija linang'ambika. Kashiamu anayamba kulowera pamng'alupo, woyera mbuu, ngati mvula pa denga lothonya. Kuchokera pakati pa selo panatuluka kalata ya kamatidwe ka khoma. Inali imodzi yokha. Kulemba ina kumatenga nthawi, ndipo khoma long'ambika silidikira.

Agalu anainunkhiza. Anadzuka mmodzimmodzi, osauwa.

Munthu uja anatambasula manja. Zala zinangoti njo ngati timitengo. Kalata inaterereka pakati pake. Kashiamu ankagogoda pamatumba, koma munali kale eni ake.

"Alamu, khuthulani!" anakuwa mmisiri uja.

Anakhuthula loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kashiamu analowa, msana unayamba kupindika, ndipo ululu umene anauthawa masiku onsewo unali ngati wa kaminga chabe. Anapisa m'thumba lachinayi. Kamwala kanakana. Anakakanda, anakakoka, thukuta lili kamukamu, koma kanali katamera pamenepo. Agalu anali atafika pamapazi ake.

Anadziponya pa kalatayo ndi zala zofumbata mwatheka, n'kuigwira kumchira. Galu wina anaigwira kumutu. Anakokana kamodzi kokha, kalata n'kuduka.

Anathamanga ndi chotsalacho mpaka kwa amisiri. Mlamu wake anachitembenuza uku ndi uku.

"Alamu, mutu wake uli kuti? Ife tiyambira pati?"

Mng'alu unakula. Kashiamu anafika m'mawondo, m'chiuno, m'khosi. Pamapeto pake mphamvu ya kashiamuyo inazula kamwala kachinayi kaja, ndipo munthuyo anaigwira bwinobwino kalata yopanda mutuyo kuti gwi, oiwerenga atafa kale.

Kunjaku a Lufeyo anamva kutsina kamodzi pachifuwa. Anatsitsa phazi pansi, nalavula.

"Ndi mpweya wa nyemba za dzulo uwu."

"Tiyeni bambo, msika utithera," anatero mayi uja.

A Lufeyo anapalasanso. Sanadziwe kuti kachipinda kamodzi kazima. Sanadziwenso kuti m'tizipinda toyandikana nato munali ena oyenda chowongoka, matumba ali otupa.

Inu amene mukumvetseranu, pisani m'matumba mwanu. Muli kena kake kamene munaikamo kuti ntchito ikakuitanani isakupindeni msana, kamene mumati mudzakachotsa tsiku lofunika. Kayeseni lero, khoma lidakali lathunthu. Matumba atatu amakhuthulika ngakhale pa phuma. Lachinayi lija ndiye ayi.