Wotchi ya a Yesaya ndi Jenereta Wotopa

Pafakitale ina ya tiyi ku Thyolo, m'chipinda choyalamo masamba ogayidwa kuti afiire, munali mafumu awiri: kapitawo Yesaya Muhiwa ndi wotchi yapakhoma. Wotchiyo inalibe batire. Inkayendera magetsi, kuwerenga kugunda kwake monga namwino awerengera mtima wa wodwala, ndipo zaka makumi awiri inali isanawanamizepo.

Lachiwiri lina mu Disembala magetsi anazima m'mawa, jenereta n'kulizidwa. Posakhalitsa analowa mayi Lestina a ku Nsabwe, okonza zamagetsi, manja ali bii ndi oyilo.

"A kapitawo, lero wotchiyi musaikhulupirire. Jenereta walemedwa, akugunda mochedwa, ndiye nayonso ichedwa. Pa ola izitaya mphindi zisanu. Muziona nthawi pafoni."

"Mayi, wotchi iyi inayamba ntchito inu musanagwirepo waya," a Yesaya anayankha osacheuka. "Kasamaleni jenereta wanuyo."

Mayi Lestina anabwerera kujenereta.

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo, ndipo kukatentha masamba sachedwa kupsa. Mphuno ya a Yesaya inawauza kuti nthawi yakwana, fungo lokoma lija layamba kuzilala, koma wotchi inati dikirani. Kumvera mphuno kukanakhala kuvomera kuti mayi aja anena zoona. Anadikira. Mtanda uliwonse wa masamba unapita kowumitsira mochedwa, mpaka ntchito inatha.

M'mawa mwake a Fraser, olawa tiyi, anapsontha kapu yoyamba, kulavula, kupsonthanso yachiwiri. Kenako anaitanitsa a Yesaya.

"Akulu, tiyi uyu wafa. Mtundu ulipo, mphamvu mulibe. Chinachitika n'chiyani?"

A Yesaya anabwerera kuchipinda cha masamba chija, natulutsa foni m'thumba mwakachetechete. Wotchi inali m'mbuyo ndi mphindi makumi anayi. Masamba onse amene azimayi anathyola m'mapiri, madengu ali kumsana, anagwera m'giledi yotsikitsitsa. Sabata isanathe, a Yesaya anasamutsidwa kukayang'anira nkhuni za kuboyila, kosonkhera moto wowumitsira tiyi.

Kumeneko, atakhala pachipika cha bulugama, anali ndi nthawi yoganiza. Wotchi sinaname, inanena mokhulupirika zimene jenereta ankaiuza. Munthu yekhayo amene anadziwa zimenezi anasiya ntchito yake, kuyenda mpaka pakhomo pawo kudzawauza, iwo n'kumupirikitsa ngati ntchentche. Anapukusa mutu, nazindikira mochedwa zimene akale ananena: wakutsina khutu ndi mnansi.