Timatumba ta Chinyongolotsi

Padangotero, chaka chomwe mango adabereka mpaka nthambi kuthyoka, padali mnyamata wina dzina lake Gwedeza. Mayi ake adamuletsa kutola mango ogwera kuseri kwa chulu, komwe anthu ankadzithandizira. Koma makutu a Gwedeza adali okongoletsa mutu chabe. Adatola limodzi, kulipukuta pa kabudula, n'kulidya.

Mvula isanathe mimba idatupa, miyendo n'kusanduka mapesi. Ankadya koma osakhuta, ndipo khasu lidayamba kumulemera. Pakhomo padagwa chisoni.

Gwedeza adali ndi mlongo wake wamng'ono, Nyenyeswa, mwana woti ngakhale mbuzi sizinkamupatukira. Tsiku lina akulira m'nkhokwe, nankafumbwe adasuzumira m'chimanga.

"Iwe, ukundinyowetsera chakudya."

"Achimwene akufa, ndipo chikuwadyacho chili m'kati."

"Kulowa m'kati mwa zinthu ndiyo ntchito yanga," adatero nankafumbwe. "Koma dziwiratu kuti khomo lolowera silitulutsa."

Adamulavulira pachipumi, Nyenyeswa n'kuchepa kuposa kanjere ka mawere. Onse awiri adadziponya m'phala la wodwalayo, ndipo Gwedeza adawameza osadziwa.

M'katimo mudali mdima ndi kutentha. Makoma ankafinya, kukankhira kumunsi basi, njira n'kumatsekeka kumbuyo kwawo. Atafika m'matumbo adapeza alonda a thupi, ovala zoyera, atakhala mondondozana, mikondo ili pansi, akuwodzera.

"Dzukani! Mdani ali m'nyumba!" adakuwa Nyenyeswa.

Mmodzi adatsegula diso limodzi. "Mdani uti, mwanawe? Uja ndi mlendo. Mlendo ndi mame, achoka yekha."

Mlendoyo adali Chinyongolotsi, chilombo cha mitu yambirimbiri. Mitu ina idaluma khoma ikuyamwa magazi. Ina inkalavula timatumba ting'onoting'ono tonga thovu, tomwe tinkayandama kupita kwa alonda. Timatumbato tinkanunkhira ngati za pakhomo pomwepo, motero mlonda akayamba kudzuka ankatilandira ndi manja awiri. Akatsegula, munkatuluka kamawu kofewa kakuti, "Gona, kuno n'kwabwino," ndipo mkono wake unkalefuka pomwepo.

Nyenyeswa asanabwerere m'mbuyo, chilombo chidamuzinga ndi thupi lake loterera. Kumanja khoma, kumanzere khoma, pamwamba mano okhaokha.

"Ndagi!" udatero mutu waukulu.

"Gize," adayankha Nyenyeswa.

"Nkhondo ndapambana, koma mkondo sindinaugwire."

"Ndi timatumba tanuto. Mumagonetsa nato eni nyumba."

Mitu yonse idaseka pamodzi. "Wadziwa ndithu. Nanga nzeruzo upita nazo kuti?" Chilombo chidamusiya ali wozingidwa choncho kuti chidzamudye chikamaliza kuyamwa.

Nankafumbwe adamunong'oneza ali m'tsitsi. "Kuboola matumba ndidabadwa nako. Koma alondawa akadzuka sakudziwa iwe. Kwa iwo aliyense wochokera kunja ndi mdani, ndipo pothawira palibe."

Nyenyeswa adachita mantha, mantha enieni. Adafuna amake, adafuna dzuwa. Kenaka adamva mtima wa mlongo wake ukugunda patali kumtunda, mofooka, ngati munthu wotopa akusinja. Adanong'oneza nankafumbwe.

"Boolani."

Nankafumbwe adauluka. Katumba kakangotuluka, phu! Kena, phu! Timawu tabodza tija tidatayikira m'ndowe tisanafike khutu la munthu. Mlonda wina adayasamula, wina n'kutikita maso, wachitatu adaona magazi pakhoma ndipo adakuwa mpaka thupi lonse lidamva. Adatola mikondo. Adabaya mutu uwu, adabaya uwo, makoma akufinya mwaukali, madzi akusefukira.

Atatero adamuona Nyenyeswa.

"Ndine mlongo wake wa mwini thupi!" adalira.

"Sitikudziwa!"

Mkondo udamung'amba paphewa. Wina usanafike, adagwira mchira wa chilombo chomwe chinkakokoloka chikufa, n'kukokoloka nacho. Njira yomwe adatulukira musandifunse, pano pali akuluakulu. Zokwanira n'zakuti adapezeka kuseri kwa nyumba atabwerera msinkhu wake, Chinyongolotsi chili gone pambali pake. Adachiunjikira udzu, n'kuchitentha mpaka phulusa.

Amayi ake adaimba nthungululu, ngakhale adayamba amusambitsa kaye asanamukumbatire. Mudzi wonse udasonkhana, mbuzi idaphedwa, ndipo chiwindi adapatsa Nyenyeswa. Nankafumbwe, yemwe adatulukira njira yomweyo, adapatsidwa dengu lathunthu la chimanga.

Gwedeza atayamba kuyenda, adaona bala lija ndipo adapsa mtima.

"Wakubaya ndani, mchemwali? Nditchulire, ndikamuonetse."

Nyenyeswa adakoka nsalu n'kuphimba phewa.

"Ndi anthu anu omwe, achimwene. Musawakalipire. Akadandilekerera ine, akadachilekereranso chija."