Chitini Chopanda Pokhuthulira

Ku Tsangano, kumtunda kozizira kuja kumene kumachokera mbatatesi, kunali bambo wina amene anali ndi lole imodzi yokha. Loleyo inali nkhalamba. Kumbuyo kwake analembako ndi penti yofiira kuti "Pang'onopang'ono", ndipo dzinali silinali longonamizira, pakuti pachitunda ngakhale wa njinga ankaipitirira, n'kupereka moni bwinobwino, moniwo n'kuyankhidwa. Komabe lole imeneyi ndiyo inali munda wake, ndiyo inali khasu lake. Tsiku la msika ankanyamula matumba a mbatatesi, amayi eni matumbawo atakhala pamwamba, n'kutsika nawo kumsewu wa tala. Loleyo ikanafa, moto wa kukhitchini kwake ukanazima.

Tsono abale anga, mwina ena simudziwa kuti injini nayonso imapuma. Ikamagwira ntchito, m'mimba mwake mumatentha, ndipo mumadzaza mpweya wakuda wosakanikirana ndi nthunzi ya oyilo. Opanga injini anaika kapaipi kotulutsira mpweya umenewu, n'kukabwezera kukamwa kwa injini, kumene imakokera mpweya wabwino. Injini ikakhala yatsopano, zakudazo zimachepa, ndipo sizivuta. Koma ikakalamba, imakhalira kumeza zonyansa zake zomwe tsiku ndi tsiku.

Ndi zimene zinkaichitikira Pang'onopang'ono. Kumbuyo utsi tolotolo, mphamvu zikuthera pomwepo. Amayi aja ankafika kumsika maso ali psuu, zitenje zikununkha utsi, ndipo ena anayamba kunong'onezana zofuna galimoto ina.

Tsiku lina bamboyo anatsegula boneti, nazula kapaipi kaja, naona kakudontha oyilo wakuda bii.

"Oho, mfiti yake ndiwe eti?" anatero.

Anatola chitsononkho kuseri kwa nkhokwe, anachisongola ndi mpeni, nachikhomera m'kapaipimo ndi sipanala mpaka kuthina. Tsiku limenelo utsi unachepadi, ndipo munthu anayendetsa galimoto akuimba mluzu, akudziona kuti ndi makaniko woposa onse a m'tauni. Koma mpweya wotsekeredwa sufa. Unazungulira m'mimba mwa injini muja kufuna potulukira, ndipo utasowa khomo unadzipangira makomo akeake. Pasanathe masiku atatu, oyilo anayamba kuchucha paliponse pamene panali kamphira kotseka. M'mawa, pansi pa lole panali chithaphwi chakuda.

Mkazi wake anaima ndi tsache m'manja, nayang'ana chithaphwicho, nayang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Sigele, mphika wa nyemba ukamawira, mumachita kukhalira chivundikiro?"

Bamboyo anangopita kukazula chitsononkho chija.

Atafunsafunsa kwa madalaivala anzake, anamva kuti mankhwala ake ndi chitini. Mpweya wakuda uziyamba wadutsa m'chitinimo, usiye zonyansa zake, kenako upitirire uli woyera. Zitini zoterozo ati zimagulitsidwa m'masitolo a m'tauni, koma iye anati manja alipo, mutu ulipo. Anatenga chitini chotha penti, mapaipi awiri a mphira, ndi waya wokwechera mapoto amene anamuba kukhitchini kwa mkazi wake, napita kwa a Kadzuwa, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula pamsika.

A Kadzuwa anali munthu wosalankhulalankhula. Anamvetsera, anachitembenuza chitinicho kawiri, nayamba ntchito. Pachivundikiro anaboola mabowo awiri, nawotchereramo timachubu tiwiri tachitsulo. Kena kanali katali, kolowera mpweya wakuda. Kena kanali kakafupi, kotulukira mpweya woyera. M'katimo anapakiramo waya wa mapoto uja, kuti nthunzi ikagunda pamenepo izizizira, oyilo azidontha pansi, mpweya wokha uzipitirira. Atatsala pang'ono kumata chivundikiro, anaika nyundo pansi.

"Tsono pokhuthulira tiike pati, adalaivala?"

"Pokhuthulira chiyani?"

"Chilichonse cholandira chimadzaza. Mundipatse tsiku la mawa lokha ndikapeze kampopi, ndikaike pansipa."

Apa ndi pamene panagona nkhani. Mawa lake linali tsiku la msika, ndipo matumba anali atayamba kale kuunjikana m'mbali mwa msewu. Adikire tsiku limodzi, kapena anyamuke ndi chitini chake lero lomwe? Bamboyo anayang'ana chitini, naona kuti n'chachikulu. Anakumbukira timadontho tija, naona kuti n'tating'ono.

"Chitini chonsechi chidzaze ndi timadontho? Matani, a Kadzuwa, ine ndikuthamangira."

A Kadzuwa anapukusa mutu, namata chivundikiro mozungulira monse. Bamboyo anakachimangirira ndi waya kumunsi, kuseri kwa tayala lakutsogolo, kumene mphepo imaomba, nalumikiza mapaipi ake.

Ndipo chitini chinagwira ntchito, abale, chinagwiradi! Utsi unatha. Pang'onopang'ono inayamba kupitirira anthu a njinga, zimene zinali zisanachitikepo m'mbiri yake yonse. Amayi aja anasiya kunong'onezana. Madalaivala ena ankabwera kudzasuzumira kunsi kwa lole, mwini wake ataima pambali manja ali m'thumba, akufotokoza ngati mphunzitsi. M'mawa uliwonse ankachipukuta chitinicho ndi kansanza kuti chiziwala. Kunja chinkawaladi. M'kati munalibe amene ankaonamo.

Unatha mwezi. Inatha iwiri. Inatha itatu. Dontho, dontho, dontho. Paja akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mwini lole anaiwala mwambiwo ngakhale theka lake anali atalilemba yekha kumbuyo kwa galimoto.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litangokwera, lole inali pakati pa chitunda, itasenza matumba makumi asanu ndi amayi asanu ndi awiri pamwamba. Chitini chija chinali chitadzaza mpaka pakhosi. Mpweya utasowa malo, unakankha oyilo yense wa miyezi itatu, n'kumuthira kukamwa kwa injini nthawi imodzi.

Injini ya dizilo ikalawa oyilo wake, imapenga. Inakuwa kukuwa kumene bamboyo anali asanamvepo. Anachotsa phazi pa chopondera moto, koma injini inapitiriza kukwera. Anazimitsa kiyi, anamuzula ndithu n'kumugwira m'manja, koma injini osazima. Inali ikudya za m'mimba mwake, ndipo sinkamveranso mwini wake. Utsi woyera unaphimba msewu wonse.

"Mayo ine! Tikufa lero!" anakuwa amayi pamwamba paja.

Bamboyo anachotsa giya, anakoka buleki ya pamanja, nalumpha. Amayi anatsika mopanda ulemu, wina akugwera pa mnzake, koma mmodzi wolimba mtima ananyamula chimwala n'kuchiika kuseri kwa tayala. Anthu odutsa ankakuwa ali patali kuti, "Thawani, iphulika!"

Bamboyo anachita mantha. Ankadziwa kuti pakangotha mphindi ziwiri injiniyo idziphwanya yokha, ndipo pomwepo padzathera chakudya cha ana ake. Sanathawe. Anatsegula boneti, anazula paipi yaikulu ya mpweya, anavula jekete lake lokhalo la nyengo yozizira, nalikanikiza pakamwa pa injini ndi manja onse awiri. Injini inakoka jeketelo ngati ikufuna kumeza ndi mwini wake yemwe. Inatsokomola. Inanjenjemera. Kenako zii.

Utsi utapita, anagwada kuseri kwa tayala, nagwedeza chitini chake chowala chija. Chinali cholemera ngati mwala. Anatenga msomali, nachiboola pansi, ndipo munatuluka phala lakuda, lonunkha, losakanikirana ndi madzi. Linatuluka, linatuluka, osatha. Mayi uja anaika mwala anayandikira, nagwira pakamwa.

"Zonsezi mumayenda nazo, adalaivala?"

Bamboyo anagwidwa ndi manyazi, misozi inalengeza. Anatsuka mapaipi pomwepo, naliza injini mtima uli m'mwamba. Mwachifundo cha Mulungu inalira bwino, ndipo mbatatesi inafika kumsika ngakhale mochedwa.

Mawa lake anapita kwa a Kadzuwa chitini chili m'manja, mutu uli pansi. Ankayembekezera kusekedwa pamaso pa msika wonse. A Kadzuwa sanaseke. Anapisa dzanja m'bokosi la zida, natulutsa kampopi kamkuwa, kokulungidwa m'kapepala.

"Ndinakagula sabata yomwe ija. Ndimangodikira kuti mubwere."

Anakawotcherera pansi penipeni pa chitini, pomwe msomali unaboola. Bamboyo anayang'ana, nakanda m'mutu.

"Simukanakaika chapamwambako, poti n'kufikira nditaimirira?"

"Zonyansa zimakhala pansi, adalaivala. Mukafuna kuzichotsa, muzigwada."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse asanalize injini, bamboyo amagwada kuseri kwa tayala, kaya pali mame, kaya pali matope, n'kutsegula kampopi kake. Zimatuluka zochepa, mwina supuni imodzi, mwina ziwiri. Amazilandira m'botolo, ndipo botololo likadzaza amakapaka mitengo ya khola la mbuzi kuti chiswe chisadye. Pang'onopang'ono ikukwerabe zitunda za ku Tsangano mpaka lero, ndipo ana a bamboyo sanagonepo ndi njala.

Abale ndi alongo anga, injini imeneyi ndi mtima wanu ndi wanga. Mtima ukamagwira ntchito ya moyo uno umatentha, ndipo umatulutsa zakuda. Mawu aja anakunenani apongozi. Nsanje ija munaimva mnzanu atafolera nyumba ndi malata. Chisoni cha maliro amene simunalire mokwanira chifukwa munali otanganidwa kuphikira alendo. Zimenezi sizisonyeza kuti mtima wanu ndi wakufa. Zikusonyeza kuti ukugwira ntchito.

Ena mwa ife tinakhomerapo chitsononkho. Tikafunsidwa timati, "Ndili bwino, kaya inu," pamene kunyumba oyilo akuchucha pa ana, pa mkazi, pa mwamuna, ngakhale pa galu wosalakwa. Ena ndife ochenjerako, chitini tili nacho. Kutchalitchi sitijomba, yunifolomu ya chigwirizano ndi yosita, kwaya timaimba mawu apamwamba, ndipo kunja tikuwala ndithu. Koma ndikufunseni funso la a Kadzuwa: pokhuthulira munaika pati? Munthu wofatsa zaka khumi akaphulika chifukwa cha mchere wochepa mu ndiwo, musati walowedwa chiwanda. Ndi chitini chadzaza, ndipo nthawi imeneyo ngakhale mwini wake azule kiyi, pakamwa sipazima.

Koma musataye mtima, chifukwa uthenga wanga ndi wabwino. Mmisiri amene anakupangani sakudabwa ndi zimene muli nazo m'katimo, ndipo sadzakusekani. Kampopi anakonza kalekale, akungodikira kuti mubwere. Musadikire chitunda. Mawa m'mawa, musanalize injini ya tsiku lanu, muuzeni Mulungu zonse monga momwe zilili, zakuda, zonunkha, osazipukuta kunja. Iye amadziwa chochita nazo, ndipo zina adzazisandutsa zotetezera nyumba yanu.

Kungoti kampopiko kali pansi. Woimirira sakafikira.