Makiyi a Changu ndi Kafoni Kong'aluka

Mu ofesi ina yopanga mapulogalamu a makompyuta munali khoma la galasi lodula chipinda pakati. Mbali ya kuwindo kunkakhala olemba mapulogalamu, aliyense ndi mahedifoni m'makutu. Mbali inayo, pafupi ndi chipinda chozizira cha maseva, makompyuta akuluakulu osunga mapulogalamuwo, kunkakhala mayi mmodzi. Ntchito yawo inali kulandira zimene anzawo alemba, kuziyesa, kuzikweza pa seva ndi kuziyang'anira kuti zisagwe. Pulogalamu ya kampaniyi inkatumiza zotsatira za magazi kuchokera ku labu kupita kwa madokotala, moti ikangoima, odwala ankatsala pa benchi osadziwa chowadwalitsa.

Mayiwo anthu ankawatcha Mayi Dikirani, poti ndiwo mawu omwe ankatuluka msanga pakamwa pawo. Anali ndi lamulo lomwe ngakhale bwana sankaliphwanya: Lachisanu masana sakweza chatsopano. Ankati pulogalamu yatsopano ili ngati khanda, sulisiya lokha m'nyumba n'kupita kocheza. M'chikwama mwawo munkakhala kafoni kong'aluka galasi komwe kankalira seva ikadwala, ndipo ankapita nako kulikonse, kumaliro ndi kubafa komwe.

Mwa olembawo munali bambo wina wa mutu wogwira kwambiri, yemwe anzake ankamutcha Changu. Nzeru anali nazo, zimenezo tisamunamizire, koma kudikira kunkamuyabwa ngati chitedze. Akamaliza ntchito Lachisanu n'kuuzidwa kuti ikwera Lolemba, ankayang'ana khoma la galasi lija ngati lamudyera cholowa.

Tsiku lina bwana analengeza kuti khomalo ligwetsedwa. Olemba ndi osamala maseva akhala gulu limodzi, wolemba aziphunzira kusamala chimene walemba, makiyi, kutanthauza mawu achinsinsi olowera m'maseva, akhale ndi anthu angapo, ndipo kafoni kaja kazizungulira. Gululo linkafunika mtsogoleri. Pa zonse zimene ananena bwana, Changu anamvapo mawu amodzi okha, akuti mtsogoleri, ndipo anatsatira bwanawo mpaka mu ofesi yawo.

"Bwana, makiyi onse mundipatse ine. Kulemba ndimatha, kukweza ndingathenso. Chimatichedwetsa pano ndi dikirani wa tsiku ndi tsikuyu."

"Makiyi amabwera ndi foni, mukudziwa?" anafunsa bwana.

"Foni imalirira mapulogalamu olembedwa mwaulesi. Anga salira."

Bwana, amenenso ankakonda zinthu zachangu, anavomera. Mayi Dikirani ataona kuti mpando wawo watsala dzina lokha, sanakangane ndi munthu. Anapeza ntchito ku kampani ina. Sabata yawo yomaliza anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Changu.

"Achimwene, tikhale pansi ndikuonetseni kabwezedwe ka pulogalamu yakale, zatsopano zikavuta. Komanso makiyiwa mugawireko anzanu."

"Mayi, galimoto yanga ilibe giya yobwerera m'mbuyo," anayankha Changu, anzake n'kuseka.

Mayiwo anaseka nawo pang'ono, n'kuika kafoni kaja pa desiki pake. "Kasungeni bwino. Kameneka sikadziwa Loweruka."

Makiyi aja Changu sanagawire aliyense. Kunkamukomera kuona anthu akubwera pa desiki pake kudzapempha, ndipo munthu akamva kukoma kwa kufunidwa, salola msanga kuti afunidwenso wina.

Kunyumba Changu anali munthu wina. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, wachibwibwi, yemwe ankamutcha Kanjiwa. Kusukulu mwanayo sankakweza mkono ngakhale yankho akulidziwa, kuopa kusekedwa. Koma chaka chimenecho aphunzitsi anamusankha kuti adzanene ndakatulo pa tsiku lotsekera sukulu, Loweruka m'mawa. Madzulo aliwonse ankaima pafupi ndi tebulo lodyera, manja kumbuyo, bambo ake atakhala pa mpando patsogolo pake. Akakakamira pa liwu, Changu ankagwedeza mutu pang'onopang'ono mpaka liwulo lituluke.

"Adadi, mudzakhale kutsogolo," anatero Kanjiwa. "Ndikamayang'ana inu, mawu sakakamira."

"Mpando woyamba weniweniwo ndi wanga, mwana wanga. Wondilanda tidzamenyana."

Lachisanu la sabata imeneyo masana, Changu anamaliza chinthu chatsopano chimene anachigwirira nthawi yaitali. Mnzake wina wa pa desiki yoyandikana anachotsa mahedifoni n'kumukumbutsa kuti lero ndi Lachisanu.

"Lachisanu linapita ndi mwini wake," anatero Changu, n'kudina batani lokweza chatsopanocho pa seva.

Zonse zinaoneka bwino. Anatseka laputopu, napita kwawo akuimba mluzu.

M'mawa mwake mkazi wake ankasita diresi ya mwana, iye akumanga tayi pa galasi, pamene kafoni kanalira m'thumba la jekete. Ma labu anali atayamba ntchito, ndipo zotsatira sizinkafika kwa madokotala. Bwana nawonso anaimba, mawu ali m'mwamba, kuti zipatala zikufunsa za odwala amene akudikira.

"Tsogolani, ndikupezani," anatero Changu akutsegula laputopu pa tebulo lodyera. "Ndi kanthu kakang'ono."

Mkazi wake ananyamula chikwama chake. Kanjiwa anaima pakhomo, nsapato zikuwala. "Mu-mubwera, eti?"

"Ndibwera, mayi. Undisungire mpando."

Kanthu kakang'ono kaja kanakula. Chatsopano chija chinali chitasintha kasungidwe ka zinthu mkati, moti pulogalamu yakale sikanangobwerera pamalo pake. Akakonza apa, panaphulika apo. Anaimbira anzake a gulu. Onse anali ofunitsitsa kuthandiza, mmodzi mpaka anati, "Pitani kusukulu, ine nditsala nazo, mungondiuza polowera." Koma makiyi anali a Changu yekha, ndipo kuti wina apatsidwe akeake pankafunika ntchito imene sakanaiyamba seva ili chigonere. Anayang'ana wotchi. Pomaliza anameza manyazi n'kuimbira Mayi Dikirani.

Mayiwo sanamunyoze. "Dikirani kaye, achimwene, musakhudze kalikonse. Ndiuzeni chimene mukuona." Makiyi analibenso, choncho anamuyendetsa ndi mawu okha, pang'onopang'ono, m'njira yomwe ija ankafuna kumuonetsa tsiku limene anawaseka. Dzuwa litafika pamutu, zotsatira zinayambanso kuyenda.

Changu anathamangira kusukulu tayi ili pambali. Anapeza ogwira ntchito akusanjikiza mipando mu holo. Mkazi wake anali panja pansi pa mtengo, Kanjiwa atatsamira pa iye, nkhope ataibisa.

"Zayenda bwanji?" anafunsa, ngakhale yankho ankaliona.

"Anaima bwinobwino," anatero mkazi wake motsitsa mawu. "Anayang'ana mpando wanu, panali chikwama changa. Ndinayesa kumugwedezera mutu monga mumachitira, koma maso ake anali pakhomo. Liwu loyamba lenilenilo linakana. Ana ena anayamba kuseka, aphunzitsi n'kudzamugwira dzanja."

Anabwerera kunyumba onse atatu. Atafika, Changu anachotsa laputopu pa tebulo, nakhala pa mpando wake wa masiku onse.

"Kanjiwa, tabwera undinenere ine ndakatulo ija. Ndili kutsogolo tsopano."

Mwanayo anayang'ana pansi. "Ndaiwala, adadi."

Sanaiwale, ndipo onse awiri ankadziwa. Kanjiwa analowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko modekha, ndipo kudekha kumeneko kunamupweteka Changu kuposa akanachimenyetsa. Changu anakhala pamenepo nthawi yaitali, kafoni kong'aluka kali chete m'thumba, misozi ikulengeza.

Lolemba anafika ku ofesi molawirira. Anagawa makiyi kwa anzake, anakonza zoti foni izizungulira, ndipo anakhala pansi ndi gulu lonse kuphunzira kabwezedwe ka pulogalamu yakale. Lamulo la Lachisanu analibwezeretsa yekha, osatumidwa. Anzake anamuyamikira, bwana anati wakula, ndipo ofesi inayenda bwino kuposa kale.

Koma chaka chotsatira aphunzitsi atafunsa amene akufuna kunena ndakatulo, Kanjiwa sanakweze mkono. Seva ikagwa imadzutsidwa, pulogalamu ikalakwika imabwezedwa, koma Loweruka lija linalibe pobwerera. Changu anafuna makiyi ndi mpando, n'kutseka makutu pamene ankamuuza kuti zimenezo zimabwera ndi kafoni kosadziwa Loweruka. Akuluakulu ananena kale: walira mvula, walira matope.