Amene Anafika Msanga pa Basiketibo

Che Jafali Mkwanda anafika pa mzikiti wa Shehe Likonde ku Liwonde swala ya Asiri, pemphero la kumadzulo, itayamba kale. Anasamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi mothamanga, koma polowa anapeza mizere yadzaza. Kutsogolo kunali anyamata a kabaza ndi mkulu wina wogulitsa makala. Iye, ndi mkanjo wake wosita bwino uja, anaima kumapeto, pafupi ndi nsapato za anthu.

Sanabwerere swala yokha. Che Jafali anali wapampando wa komiti yosanja matimu pa mpikisano wa basiketibo wa makoleji, ndipo mawa lake amayenera kulengeza masanjidwewo. Mpikisano wake ndi wachipulula: ukagonja kamodzi, basi, nyamula chikwama uzipita kwanu. Timu yoikidwa pamwamba imayamba ndi ofooka, pamene yapansi imayamba ndi chimphona. Chaka chimenecho kakoleji kena ka kumapiri a Namwera, kosewerera pabwalo ladothi, kanapambana masewero ake onse. Komabe komiti inakaika pansi penipeni, kuti kakumane ndi akatswiri a mumzinda tsiku loyamba lomwelo. Kochi wa anyamatawo atamva mphekesera sanakalipe ayi. Anangoti, "Bwana, Allah akuona." Mawu amenewo anamukhala pamtima Che Jafali ngati munga wa nsomba pakhosi. Koma tinene zoona, munthuyu sanazolowere kutsutsidwa, ndipo kwa Shehe sanadzere malangizo. Anadza kuti Shehe amuuze kuti sanalakwe.

Anthu atabalalika, anasendera pamkeka pamene Shehe anakhala. Anapatsana salamu, nafunsana za kunyumba, kenaka Che Jafali anayala nkhani yonse.

"Shehe, mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikudziwa. Koma ndalakwanji ine? Makoleji akuluakulu ali ndi dzina. Zikho zadzaza m'makabati mwawo. Anthu amadzaza bwalo pofuna kuonera iwowo. Akakumana okhaokha koyambirira n'kupululana, fainolo adzaonera ndani?"

"Za mpira umenewu ine ndine mbuli," anatero Shehe. "Mundiphunzitse. Anyamata a ku Namwerawo chaka chino agonja kwa yani?"

"Sanagonje. Koma asewera ndi tizitimu ta kumudzi. Sanagonjetsepo timu ya dzina."

"Matimu a dzinawo anakasewera nawo?"

Che Jafali anaseka pang'ono. "Aaa, Shehe! Akwere mapiri onse aja kukasewera padothi? Anakana."

"Nanga kuwaitana mumzinda?"

"Amati alibe nthawi."

Shehe anagwedeza mutu akusisita ndevu zawo. Che Jafali anawonjeza.

"Ine sindidana nawo anawo. Adikire. Akachita bwino zaka zingapo, dzina lidzabwera, ndipo tidzawakweza. Ulemu umatsata mbiri, Shehe. Ndi mmene dziko limayendera."

"Ndamva," anatero Shehe. "Ndifunseko china. Lero mwaswalira pati? Sindinakuoneni potembenuka."

"Kumbuyo, pakhomo."

"Inu? Mwana wa malemu Che Mkwanda? Bambo anu aja ndi amene anafolera mzikiti uno. Moyo wawo wonse anaswalira apa, kumbuyo kwanga kwenikweni, mpaka mkeka unaperepeseka pamene ankaika chipumi. Inunso, Ramadhani yapitayi simunaphonye mzere woyamba. Bwanji simunapite kukam'gwira paphewa wamakala uja kuti akupatseni malo anu?"

"Astaghfirullah, Allah andikhululukire, Shehe! Ndingachite zimenezo? Mu mzikiti mulibe malo a munthu. Mzere woyamba ndi wa amene wafika msanga."

"Ngakhale zovala zake zili ndi makala?"

"Ngakhale."

"Ngakhale dzulo sanabwere n'komwe, pamene inu munabwera?"

"Dzulo ndi dzulo," anayankha Che Jafali. "Swala ina iliyonse ili ndi mizere yake."

Atangotero anamva yekha chimene wanena. Manyazi anam'gwira, ndipo anayang'ana pansi. Komabe kudzikuza sikufa tsiku limodzi. Anayesanso kamodzi, koma mawu ali otsika.

"Shehe, uwo ndi mzikiti. Uku ndi kusewera chabe."

Shehe anamugwira dzanja mofatsa.

"Kwa inu ndi kusewera, Che Jafali. Kwa ana aja ndi thukuta la chaka chathunthu, ndipo alipereka m'manja mwanu chifukwa akukhulupirira kuti muyeza molungama. Sindikunena kuti muwapatse chikho. Mwina akagonja ndithu, ndipo zimenezo n'za Allah. Koma chaka chino azana yoitanira anthu ku swala italira, iwo ndi amene anafika msanga. Zikho za m'kabati ndi swala za dzulo, malipiro ake analandira kale. Lero mwaopa kukoka munthu mmodzi pamzere pamaso pa Allah. Mawa musakakoke timu yonse poganiza kuti Iye watsala muno mu mzikiti."