Mowa wa Nangondo M'mabotolo a Eni

Panali munthu wina amene paunyamata wake ankaperekera zakumwa pa hotela ina m'tauni. Ntchito itatha anabwerera kumudzi nayamba kulima, koma maso ake anatsalira m'tauni momwemo. Akaona anthu akupatsirana chipanda pansi pa mtengo, ankapukusa mutu. Kwa iye mowa weniweni unali wa m'botolo: wosefedwa bwino, wotsekedwa ndi makina, wokoma chimodzimodzi kaya waugula ku Nsanje kaya ku Chitipa.

Koma mkazi wake, Nangondo, ndiye anali katswiri wofulula masese m'dera lonselo. Chimera ankachita kumeretsa yekha kuchokera ku mawere a m'munda mwake. Akafulula sankatuma munthu kukamema anthu, fungo linkawaitana lokha. Mowa wake unali wolemera, wowawasira pang'ono kumapeto kwa lilime, ndipo munthu akamwa chipanda chimodzi ankaiwala njala. Mwamuna wake yemwe ankaumwa, koma ankamwera kuseri kwa nyumba.

Chaka china mnyamata wa ku Blantyre anafunsira mbeta mwana wawo wamkazi, Tilimbike. Chinkhoswe anachiika m'mwezi wa Okutobala, ndipo uthenga unafika wakuti akuchimuna abwera ndi minibasi yodzaza.

Munthu uja mtima unali dyokodyoko. Anapaka nyumba laimu, analambula bwalo mpaka kumsewu, anabwereka mipando kwa aliyense amene anali nayo. Aliyense wokumana naye panjira ankamuimitsa. "Mwamva? Kukubwera anthu a ku Blantyre!" Nangondo naye anatereka migolo. Akazi anzake ankatunga madzi, ena kusonkhezera moto, ena kutakasa phala uku akuimba, utsi uli tolo pamwamba pa mudzi.

Mowa utayamba kuwira m'mbiya, munthu uja anaima pakhomo la khitchini nayang'ana thovu likutukuka, ndipo chimwemwe chake chinasanduka nkhawa. "Anthu ovala masuti ndiwamwetse phala m'chipanda?" anadzifunsa. "Akadzabwerera kwawo adzamuseka mwana wanga mpaka kukalamba."

Anakwera njinga napita pamsika. Anagula kileti imodzi ya mowa wa m'botolo, ndipo mphamvu zake zinathera pomwepo. Kenako anapempha mwini bala kuti amubwereke mabotolo opanda kanthu, natolera zitsekerero zimene zinali mbwee pansi. Pobwerera ankapalasa njinga akuimba mluzu, poti nzeru inali itamufikira. "Ndidzayamba kuwapatsa weniweniwo. Pofika botolo lachiwiri lilime lidzakhala litagona, sadzasiyanitsanso. Chachikulu n'chakuti pabwalo panga pasaoneke mbiya."

Madzulo oti mawa lake ndi chinkhoswe anakhala kuseri kwa nkhokwe, akusefa masese pansalu, kuthira m'mabotolo, n'kumakhomera zitsekerero ndi kanyundo. Nangondo anamupeza ali jijirijijiri.

"Bambo a Tilimbike, mukuutani mowa wanga?"

"Ndikuuveka suti, mayi. Mawa kukubwera anthu."

"Ndiye kuti ife amene timamwa masiku onsewa si anthu?"

Mwamuna wake anangotola chitsekerero china nakhomera. Nangondo anaima pang'ono, kenako anatembenuka nabwerera ku moto wake. Mabotolo anatha mowa usanathe. Mbiya imodzi imene inatsala anaikankhira pansi pa nkhokwe naivundikira ndi lichero.

Kunacha bwino, dzuwa likuswa mtengo. Munthu uja anandandalika makileti pakhonde, pansi pa malata, pamalo poti aliyense wolowa pabwalo awaone. Chakumasana kunamveka hutala kumsewu. Ana anathamangira komweko, amayi anaimba nthungululu, ng'oma zinalira, fumbi linati koboo. Alendo anatsika atatchena, nsapato zikuwala, amayi atamanga maduku ofanana. Munthu uja ankangozungulira ngati nguli, kugwira uyu chanza, kupukutira uyo mpando. Nangondo yekha sanatuluke. Anakhala m'khitchini pakati pa miphika.

Zonse zinayamba bwino. Ankhoswe anapatsana moni, akuchimuna anatulutsa tambala, akuchikazi msoti. Munthu uja anatsegula kileti yogula ija mwaluso lake lakale, botolo lililonse likulira tswii, akupereka atapinda mkono wina kumbuyo ngati ali ku hotela. Alendo anamwa nayamikira. Koma kileti imodzi pa minibasi yodzaza ndi dontho pamchenga. Posakhalitsa mabotolo anali gwa, ndipo maso anayamba kuloza kukhonde.

Apo n'kuti malume a mnyamata, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, wovala suti yotuwa, ataimirira pafupi ndi khonde kuti alankhule. Anakonza kukhosi nati, "Ife tabwera kuno ndi mtima umodzi..."

Phoo!

Chitsekerero chinauluka n'kukamenya malata, ngwee! Anthu asanadziwe chimene chachitika, botolo lachiwiri linayankha, lachitatu, kenako makileti onse anayamba kulira ngati chimanga pachiwaya. Masese anathovoka m'mabotolo kukwera mpaka kudenga, n'kumagwa ngati mvula yoyamba. Ana anabalalika akukuwa. Tambala anapulumuka m'manja mwa nkhoswe nakatera pamutu pa minibasi. Amayi a maduku anagwetsa mipando pothawa. Woimba ng'oma wina, poganiza kuti ndi makombola a chikondwerero a anthu a m'tauni, anawonjezera mphamvu mpaka anzake anachita kumugwira manja.

Kenako maso onse anatembenukira kukhonde.

Malume aja anali chiimire pomwe paja. Suti yawo yotuwa inali itasanduka yofiirira, masese akuyenderera m'ndevu n'kumadonthera pa tayi. Tilimbike anabisa nkhope m'chitenje.

Malumewo anapukuta ndevu ndi chala. Anachiyang'ana chalacho, nachinyambita. Anapukutanso, nanyambitanso.

"Uwu ndi wa mawere," anatero pang'onopang'ono. "Wafulula ndani?"

A m'mudzimo onse ankadziwa, koma anangoweramitsa mitu.

Njira yothawira inalipo, ndipo munthu uja anaiona. Mawu anali atafika kale pamilomo: atigulitsa mowa woonongeka pamsika. Akananena zimenezo, anthu akanatukwana mwini bala, mwambo n'kupitirira. Koma potembenuka anaona Nangondo ataima pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja, maso ali pa iye. Sankaoneka wokwiya. Ankangodikira kuti amve chimene mwamuna wake anene.

Munthu uja anameza mawu aja. Anadutsa pakati pa alendo, nalowera kunkhokwe. Anatuluka atakumbatira mbiya yotsala ija, ikumuthira thovu pamalaya ake atsopano, naikhazika pakati penipeni pa bwalo.

"Wafulula ndi mkazi wanga, Nangondo," anatero mokweza kuti ndi a kumsewu omwe amve. "Amene anautsekera m'mabotolo ndine. Ndimachita nawo manyazi. Mayi, bwerani mudzayambe ndinu, alendo amwe."

Nangondo anabwera osafulumira. Anagwada, navundula mowa ndi chipanda, nalawa pamaso pa onse monga amachitira wofulula, kenako anatunganso napereka kwa malume aja ndi manja awiri. Iwo anamwa osapumira mpaka chipanda chinaphimba nkhope yonse. Atachitsitsa anapuma mwamphamvu, maso akuwala.

"Aaa! Mayi, mwandibwezera kwathu. M'tauni timamwa mowa osadziwa amene anauphika. Uwu uli ndi dzanja la munthu." Anatembenukira kwa anzawo. "Inu, siyani kupukuta zovalazo, bwerani kuno!"

Nthungululu zinang'amba mlengalenga. Mabotolo amene anali asanaphulike anawatsegula atawalozetsa kutchire, mowa n'kuubwezera m'mbiya. Chipanda chinayenda kuchoka kwa wa suti kupita kwa wopanda nsapato, n'kubwereranso. Ng'oma zinayambiranso. Malume aja anavula jekete lonyowa lija naliponya pampando, nalowa m'bwalo. Tilimbike anaseka mpaka misozi. Ndipo munthu uja, chipanda chitamufika, anamwa ali pakati pa anthu, mkazi wake atakhala pambali pake.

Tsono inu amene mukundimva, musapite kukanena kuti ndanyoza mowa wa m'botolo. Uli ndi ubwino wake. Unamaliza kuwira kufakitale, n'chifukwa chake umakhala phee miyezi yambiri ndipo umayenda ulendo wautali osasintha. Botolo ndi nyumba yake. Koma wa m'mbiya ndi wamoyo, umapuma, sudikira, ndipo sulola chitsekerero.

Aliyense wa inu ali ndi cha pakhomo pake chimene amachikankhira pansi pa nkhokwe alendo akamabwera. Kwa wina ndi malankhulidwe a kwawo, kwa wina ntchito imene inamulera, kwa wina ndi munthu weniweni amene amagona naye nyumba imodzi. Musachikanikizire m'botolo la eni. Chamoyo sichikhalitsa m'ndende, ndipo chimasankha kutuluka tsiku limene anthu adzaza bwalo. Chitulutseni nokha dzuwa likadali m'mwamba, ndipo mutchule dzina la mwini wake mokweza.