Makina a Sakhalitsa

Pa Migowi, pakhonde la golosale ya a Fraser, panali telala wina dzina lake Che Sulemani. Amene anakulira pamenepo sakumbuka khondelo lopanda nkhalambayo: kofia kumutu, tepi m'khosi, mwendo umodzi ukupalasa makina, winawo atauwongolera pakampando chifukwa bondo linali lofa. Kaya kutenthe, kaya mvula igwe, iwo pomwepo. Mwana wawo wamkazi, Katija, anaphunzirira pambali pawo kuyambira kulowetsa ulusi pasingano mpaka kudula suti. M'maso mwake, bambo ake ndi khondelo zinali chinthu chimodzi.

Che Sulemani anatisiya m'chaka chachiwiri cha matipate, anthu ali pakalikiliki kukolola nandolo. Amayi a Katija anali atatsogola kale, choncho maliro amenewa anamupweteka pawiri. Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi, itatha, abale anabalalika, aliyense kubwerera ku zake. Katija anapita pakhonde, nakhala pampando wa bambo ake, nalumbira mumtima kuti sadzachokapo. Kwa iye, kusiya khondelo kunali kuwaika bambo ake m'manda kachiwiri.

Tsoka lake, makina nawo anali atatopa. Anayamba kudumphitsa msoko: asoka apa, alumpha apo, ulusi wapansi osakola. Munthu yekhayo amene ankadziwa matenda a makinawo ndi uja anali atagona kumanda.

"Asisi, makina akudwala awa," anatero Enelesi, mnzake wogulitsa mandasi pafupi ndi khondelo. "Pitani nawo kwa odziwa. Ku Chiringa amisiri aliko, ku Muloza aliko."

"Ababa sanachokepo pakhonde pano. Ine ndine ndani kuti ndichokepo?"

"Nanga akaima?"

"Saima. Akungolira mwini wake basi."

Chisoni chikasanduka liuma sichimva kamuuze. Ndipo liuma la Katija silinathere pa makina okha. Masiku amenewo lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza linali litachotsedwa, ndipo anamwino ndi aphunzitsi aakazi ankabwera ndi nsalu zawo. Iye ankawabweza. Ena ankabwera ndi zovala za kaunjika zofuna kuchepetsa. Nawonso ankawabweza. Yankho linali limodzi: ababa sankasoka zimenezo.

Kenaka panachitika za mphunzitsi wina. Anali bambo wochokera kumpoto, munthu waulemu wake, ndipo anavala thalauza latsopano losokedwa ndi Katija. Akuti akwere njinga pakati pa msika, msoko wakumbuyo unangoti kwee, kuyambira m'chiuno mpaka mmusi. Bamboyo anabwerera kunyumba atamanga jekete m'chiuno, njinga akuikankha. Pofika madzulo nkhaniyo inali itafika ku Jenala, ndipo amene anali ndi nsalu kwa Katija anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga, aliyense ndi kabodza kake kaulemu.

Posapita nthawi makina anaimiratu. Koma mukuganiza kuti Katija anadzuka? M'mawa uliwonse ankafika, kusesa pakhonde, kupukuta makina, kuwathira mafuta, n'kukhala pansi kuyang'ana msewu mpaka dzuwa kupendeka. Anaonda, ndipo anthu odutsa anayamba kumupatsa moni wapansipansi ngati wa pamaliro.

A Fraser anapirira, koma nawo anali munthu wa bizinesi.

"Mwananga," anatero tsiku lina, "bambo ako anali mnzanga. Koma khonde si manda. Pali mkulu wina wa kaunjika akulifuna. Mwezi uno ukatha makina asanalire pano, ndimupatsa."

Apa m'pamene Katija anaona kuti wadzitchera yekha msampha. Akakhala, khonde lipita. Akachoka, waswa lumbiro. Anasankha kuchoka mwachangu kuti abwererenso mwachangu. Anamasula mutu wa makina pathebulo lake, naukulunga m'chitenje, nakwera matola opita ku Chiringa. Chibadwire anali asanapitirirepo pa boma la Phalombe. Galimoto itanyamuka analira, mumtima akupepesa bambo ake.

Telala wa pa Chiringa anasuzumira m'kati mwa makinawo n'kupukusa mutu. Kachitsulo kokola ulusi wapansi kanali katadyeka, ndipo iye analibe kena. Anamuuza kuti akafunse a Jairos ku Muloza. Katija anakweranso galimoto ina, msewu wafumbi uja wozungulira kuseri kwa phiri. Phiri la Mulanje ankaliyesa khoma lomwe dziko limathera. Tsiku limenelo anaona kuti lili ndi nkhope ina, ya mathithi ndi minda ya tiyi, ndiponso kuti kumeneko kuli anthu amene za Migowi sazilabadira n'komwe.

A Jairos anali bambo wachikulire wokonza makina ndi mawailesi pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chipata cha malire. Anamasula chitenje, natembenuza makinawo, ndipo chala chawo chinaima pamalo pena potifuka, pafupi ndi gudumu.

"Awa ndi makina a Sakhalitsa. Wawatenga kuti iwe?"

"Iyayi bambo, ndi a ababa anga, Che Sulemani a pa Migowi."

"Sulemani, eya, limenelo ndi dzina la kumzikiti. Ife kuno timati Sakhalitsa. Ali bwanji mkulu ameneyo?"

Katija anawauza. A Jairos anavula chipewa. Kenaka anayamba kufotokoza za munthu amene Katija anali asanamumvepo. Sakhalitsa ankamanga makina omwewa pakaliyala ya njinga, atawaika chogwirira chopukusa pamanja, n'kumatsatira masiku a malipiro m'maesiteti a tiyi ndi masiku a misika. Lero Muloza, mawa Luchenza, mkuja kutsidya kwa malire ku Milanje. Suti anaphunzira kwa Mmwenye wina ku Limbe, mathalauza kwa Mpwitikizi. Potifukapo m'pamene anagwa nawo akuwoloka mtsinje madzi atadzaza, ndipo anapulumutsa makina n'kutaya nsapato.

"Koma ababa sankachoka pakhonde," anatero Katija. "Ine ndakula ndikuwaona. N'chifukwa chake nanenso sindimafuna kuchokapo."

"Unabadwa bondo litawakana kale, mwananga. Tsiku lomwe anadzandiuza kuti sadzapalasanso njinga, bambo ako analira pansi pa mtengo womwe uno. Pakhondepo ankangopirira, sanali kupakonda ayi. Ndiye iwe ukulondera bondo la bambo ako. Ntchito yawo waisiya kuti?"

Mawu amenewo anamulasa. Poyamba anakwiya, chifukwa palibe amene amakondwa mlendo akamudziwitsa kholo lake. Kenaka anachita manyazi. Miyezi yonse ija ankaganiza kuti akusunga ulemu wa bambo ake, chikhalirecho akusunga chilema chawo.

Kachitsulo kaja a Jairos analibenso. Anati kangapezeke ku Milanje, kwa mayi wina dzina lake Fathiya, amene anali ndi makina akale a mtundu womwewo. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, anthu akuwoloka momasuka. Katija, amene dzana lake ankaopa ulendo wa ku Chiringa, anasenza makina pamutu n'kuwoloka malire.

Anapeza chisakasa cha malata chodzaza phokoso. Atsikana atatu ankapalasa makina, wina akusoka thalauza la mkazi, wina akuchepetsa malaya a kaunjika, wina akulumikiza zidutswa kuti zikhale chikwama. Mayi Fathiya atamva kuti mlendoyo ndi mwana wa yani, anamukumbatira, ndipo analira onse awiri.

"Bambo ako anandiphunzitsa ndili kamtsikana," anatero mayiyo m'Chichewa chokoka ku Chilomwe. "Amuna ankawaseka kuti mkazi ndi makina n'zosayenderana. Iwo osamva. Ankati telala amasoka chimene anthu avala chaka chino, za chaka chatha azisoke njenjete."

Kachitsulo kaja kanapezeka, ndipo makina anakonzeka tsiku lomwelo. Katija akanafuna, akanafika pa Migowi mwezi usanathe. Anakhala pamkeka, makina ali patsogolo pake, akuyang'ana manja a atsikana aja. Ankadziwa bwino lomwe chimene ataye akachedwa. M'mawa mwake anapempha mayi Fathiya kuti amuonetse kadulidwe ka thalauza la mkazi.

Anakhalako mpaka mvula yoyamba. Anaphunzira kumasula jekete ndi kulibweza laling'ono popanda wodziwa kuti linakhudzidwa. Anamva nkhani za bambo ake kwa anthu a mumsika, zina zoona, zina zothira mchere, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire nkhalambayo, anaseka atamva dzina lawo. Chisoni sichinathe, koma chinaleka kumumanga miyendo.

Atatsika matola pa Migowi, khonde la a Fraser linali litasanduka chionetsero cha majekete ndi madiresi olendewera pazingwe. Enelesi anamuthamangira.

"Asisi, khonde lapita. Ndinayesa kuwachonderera a Fraser."

Katija anaima n'kuyang'ana pamalo pomwe pankakhala mpando wa bambo ake. Zinamuwawa, tisaname. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenaka anakwera pakhondepo, napereka moni kwa mwini kaunjika, nanyamula jekete limodzi n'kulitambasula.

"Achimwene, majekete awa anasokera azungu odya bwino. Pa Migowi pano angakwane ndani?"

"Ndiye vuto lake limenelo, chemwali. Anthu amayesa n'kusiya."

"Akayesa muziwatumiza kwa ine. Tsiku la msika ndizikhala pansi pa mtengo uwo. Masiku enawo musandifune, ndizikhala ndili ku Chiringa kapena ku Jenala."

Anabwereka njinga kwa amalume ake, namanga makina pakaliyala. Anthu anayamba kumuona m'misewu ya fumbi, mpango ukuuluka, akutsata misika. Komwe kwagwa belo la kaunjika, iye ali pomwepo ndi sizasi. Akazi ofuna mathalauza ankamudikira. Khondelo sanalipezenso, ndipo sanalipemphenso.

Ambiri timatero. Kholo likatisiya timagwiritsa malo pomwe tinaliona komaliza, n'kuiwala kuti lisanakhale pansi linayenda. Katija anawadziwa bambo ake atachoka pampando wawo, ndipo anadzidziwa yekha m'misewu yomwe iwo anapondamo. Akuluakulu sananame: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.